Wasumira Ndani, Wasumiridwa Ndani? Kalembedwe ndi Kamvedwe ka Mawu a Kukhoti

Taonani ziganizo ziwiri izi: "Mwininyumba wasumira wochita lendi" ndi "Mwininyumba wasumiridwa ndi wochita lendi." Anthu ake ndi omwewo, nyumba ndi yomweyo, mwinanso ndalama zomwe akukanganirazo ndi zomwezo. Koma m'chiganizo choyambacho amene wanyamuka kupita kukhoti ndi mwininyumba, pomwe m'chachiwiricho iyeyo ndiye walandira samani. Chatembenuza zonsezi ndi kachidutswa ka -idw-, komwe wolemba wapachangu amatha kukasiya osazindikira, wowerenga wapachangu naye n'kukadumpha.

Nkhani za kukhoti zimakhudza dzina la munthu, ntchito yake ndi mtendere wa pabanja pake. Munthu amene wangosumiridwa pa ngongole mukamulemba ngati kuti wapalamula, mwamuipitsira mbiri khoti lisanatsegule n'komwe pakamwa. Malangizo awa ndi a aliyense amene amalemba kalata, uthenga, lipoti kapena nkhani yokhudza mlandu, komanso a munthu amene walandira pepala la khoti ndipo akufuna kulimva bwino asanachite chilichonse.

Choyamba: dziwani mtundu wa mlanduwo musanasankhe mneni

Pakamwa pa anthu, mawu oti kusuma ndi otambalala. Mwana womenyedwa ndi mnzake amakasuma kwa makolo, woberedwa amakasuma kupolisi, wantchito amakasuma kwa bwana wake. Konseku ganizo ndi limodzi: kukatula dandaulo kwa munthu amene ali ndi mphamvu yoweruza kapena yolanga. Koma pa nkhani za malamulo, kusumira munthu kuli ndi malire ake. Ndi kuyambitsa mlandu kukhoti inuyo mwini, m'dzina lanu, kupempha khotilo kuti likakamize mnzanuyo kukulipirani, kukubwezerani chinthu chanu, kuchita zomwe analonjeza, kapena kusiya zomwe akuchita.

Izi n'zosiyana ndi mlandu wa upandu, monga kuba, kuvulaza munthu kapena kupha. Kumeneko mwini mlandu ndi boma. Woberedwa uja, ngakhale ndiye anakasuma kupolisi, tsiku la mlandu amakaima ngati mboni chabe. Nawo mawu ake ndi ena: apolisi amamanga woganiziridwa, boma limamuimba mlandu ndi kumuzenga, ndipo akapezeka wolakwa amalandira chilango, kaya ndende kaya chindapusa. Pa mlandu wosumirana pali wosuma, yemwe ena amati wodandaula, ndi wosumiridwa, yemwe amayankha dandaulolo. Woluza sakhala mkaidi. Amalipira chipepeso, amabweza katundu, kapena amamvera chiletso. Musasakanize chindapusa ndi chipepeso: chindapusa chimalowa m'thumba la boma, chipepeso chimapita kwa munthu wolakwiridwayo.

Kulemera kwa umboni nakonso n'kosiyana, ndipo apa m'pamene anthu ambiri amadabwa. M'maiko omwe malamulo awo anachokera ku England, boma likamazenga munthu mlandu wa upandu liyenera kubweretsa umboni wosasiya chikayiko chomveka. Koma wosuma amangofunika kuonetsa kuti nkhani yakeyo ikuoneka yoona kuposa ya mnzakeyo, ngati sikelo yomwe yapendekera mbali imodzi ngakhale pang'ono. N'chifukwa chake chinthu chimodzi chomwecho chimatha kubala zigamulo ziwiri zooneka ngati zotsutsana. Mu Okutobala 1995, khoti la ku California linapeza O. J. Simpson, katswiri wakale wa mpira wa ku America, wosalakwa pa mlandu wopha Nicole Brown Simpson, yemwe kale anali mkazi wake, ndi Ron Goldman. Mabanja a omwalirawo anamusumira paokha, ndipo mu Febuluwale 1997 analamulidwa kulipira madola 33.5 miliyoni. Pa mlandu woyamba anazengedwa ndi boma, pa wachiwiri anasumiridwa ndi anthu. Wolemba amene angati "anapezeka wolakwa pa mlandu wakupha mu 1997" wanama, ngakhale zaka ndi mayina atazilemba molondola.

Choncho musanalembe liwu lililonse, dzifunseni: wapititsa nkhaniyi kukhoti ndi boma pofuna kulanga, kapena ndi munthu pofuna chake? Dziwaninso kuti boma nalo limatha kusumira munthu pa ngongole kapena pa mgwirizano wophwanyidwa. Likatero likuchita ngati wosuma wina aliyense, ndipo mawu oti kuzenga kapena kulanga sakhalapo.

Chachiwiri: mangani mneni kuchokera pa tsinde

Tsinde lake ndi -sum-. Palokha limapereka "kusuma", mneni yemwe amatiuza za wodandaula ndi komwe wapita: "Ndakasuma kukhoti." Chiganizochi n'chathunthu, koma sichinatchule mdani wanu pa mlanduwo. Kuti munthuyo alowe, tsinde limalandira msintho wa -ir-: "Ndamusumira kukhoti." Tsopano muli anthu awiri m'liwu limodzi, ine wa nda- ndi iye wa -mu-.

Mukafuna kuti wolandira samani akhale mwininkhani wa chiganizo, onjezerani -idw- pamwamba pa -ir- uja: sum-ir-idw-a. Ndondomeko yake pa tanthauzo ili ndi imeneyi, -ir- patsogolo, -idw- pambuyo pake. Mudzamva ena akuti "wasumidwa", ndipo womvera amamva ndithu, koma polemba ine ndimalimbikitsa "wasumiridwa", chifukwa ndilo likugwirizana ndi "wamusumira". Ngati munthu timamusumira, ndiye kuti amasumiridwa.

Bwanji -ir- osati -er-? Zimatengera lembo la liwu la mu tsinde. Likakhala a, i kapena u, msintho umatenga i: sumira, lipira, gamulira, imbidwa, mangidwa. Likakhala e kapena o, msintho umatenga e: tengera, kokera, zengedwa, kokeredwa. Ndiye tili ndi "wamutengera kukhoti" ndi "watengeredwa kukhoti", "wamukokera kubwalo" ndi "wakokeredwa kubwalo". Pa kalembedwe kovomerezeka, pambuyo pa i ndi e timalemba r, choncho ndi kusumira, osati kusumila.

Mawu oti kukokera kukhoti muwagwiritse ntchito mwadala, osati mwachizolowezi. Ali ndi mkwiyo m'kati mwake, ndipo amajambula wosuma ngati wankhanza, wosumiridwa ngati wozunzidwa. Kumang'ala nako kumapendekera mbali inayo, kumamveka ngati kulira kwa munthu woponderezedwa. Ngati cholinga chanu n'kungonena zomwe zachitika osakondera, kusumira ndi kutengera kukhoti n'kokwanira.

Pali msintho winanso, -an-, wosonyeza kuchitirana: kusumirana. Pocheza timati "anthu aja akusumirana" pongotanthauza kuti mkangano wawo wafika kukhoti. Koma polemba lipoti, "asumirana" akutanthauza kuti aliyense wapereka dandaulo lake pa mnzake. Izi zimachitikadi. Womanga nyumba amasumira mwininyumba kuti sanamalize kumulipira, ndipo mwininyumbayo poyankha amaikapo dandaulo lake lakuti denga likudontha, akufuna ndalama zokonzetsera. Apa aliyense ndi wosuma pa dandaulo lake ndiponso wosumiridwa pa la mnzake. Ngati wachiwiriyo wangokana mlandu osapempha kanthu, sanasumirane. Mmodzi wasumira, wina wayankha.

Chachitatu: onani agwirizanitsi, musangodalira dzina loyamba

Chichewa chimalola mayina kusuntha m'chiganizo, bola mneni akhale ndi agwirizanitsi ake. "Mlimi waisumira banki" ndi "Banki waisumira mlimi" zikunena chinthu chimodzi: wapita kukhoti ndi mlimi. Umboni wake uli mu mneni. Wa- akuloza mlimi, -i- akuloza banki. Kuti banki ikhale yosuma, mneni ayenera kusintha: "Banki yamusumira mlimi." Mayina a magulu osiyana amatithandiza motere. Timati boma lamusumira koma iye walisumira boma, chipatala chamusumira koma iye wachisumira chipatala, kampani yamusumira koma iye waisumira kampani. Powerenga, diso lanu liyambe lafika pa mneni.

Vuto limabuka onse awiri akakhala anthu. "Dalaivala wamusumira makaniko." Wa- ndi -mu- angathe kuloza aliyense mwa awiriwa. Polankhula, mawu okwera ndi kapumidwe zimamasula, koma pepala lilibe mawu okwera. Lamulo lothandiza n'lakuti wosuma akhale koyambirira, wosumiridwa abwere pambuyo pa mneni, ndipo ngati mukufuna kuyamba ndi wosumiridwa, gwiritsani ntchito -idw-.

Ulemu nawo umabweretsa chisokonezo chake. "Adokotala awasumira" angatanthauze kuti adokotalawo asumira anthu ena, kapena kuti anthu osatchulidwa asumira adokotalawo. A- woyambayo ndi wa ulemu, ndi wa anthu ambiri, ndiponso ndi uja timagwiritsa ntchito tikafuna kubisa wochita, monga mu "amumanga" kapena "amuchotsa ntchito". Pa nkhani ya mlandu musabise wosuma pokhapokha pali chifukwa. Lembani kuti "Adokotala asumiridwa ndi wodwala wawo" kapena "Adokotala asumira chipatala." Wowerenga ali ndi ufulu wodziwa mwini dandaulo.

Samalaninso chiganizo chikapitirira. "Wogulitsa wasumira wogula chifukwa anaphwanya mgwirizano." Anaphwanya ndani? Nzeru zimatiuza kuti ndi wogula, koma mneniyo sananene. Kubwereza dzina sikuononga chiganizo: "ponena kuti wogulayo anaphwanya mgwirizano."

Chachinayi: mawu awiri okhala ndi nkhope ziwiri, ndi liwu loteteza wosumiridwa

Liwu loti "ndi" limagwira ntchito zambiri. Limaloza wochita pa mneni wa -idw-, limalumikizanso anthu awiri. Tsono "Mkuluyo wasumiridwa ndi mchimwene wake" angamveke pawiri: mchimweneyo ndiye wosuma, kapena onse awiri alandira samani. Kusiyana kwake n'kwakukulu, chifukwa kumodziko ndi mkangano wa pachibale, kwinako ndi abale oima mbali imodzi. Ngati ali mbali imodzi, lembani "wasumiridwa pamodzi ndi mchimwene wake", kapena ayikeni onse kutsogolo: "Mkuluyo ndi mchimwene wake asumiridwa." Ngati mchimweneyo ndiye wosuma, m'patseni mpando wa mwininkhani: "Mchimwene wake wamusumira."

Nayenso -ir- ali ndi nkhope ziwiri. Mu "wandiphikira" ndi "wandilembera kalata" amasonyeza kuchitira munthu zabwino, m'malo mwake. Mu "wandisumira" amasonyeza kulimbana naye. Ndiye munthu akati "loya wandisumira", mwina akudandaula kuti loyayo akumufuna ndalama kukhoti, mwina akusangalala kuti loya wake wapereka mapepala. Tanthauzo lachiwirilo linenedwe mwina: "Loya wanga wasuma m'malo mwanga", kapena "Ndasumira kampaniyo kudzera mwa loya." Chachiwirichi ndicho cholondola kwambiri, pakuti wosuma ndi mwini dandaulo. Loya amangomuimirira, ndipo dzina lolembedwa pamwamba pa mlandu si la loyayo.

Tsopano liwu lomwe ndimaliona kukhala lofunika kuposa onse mu nkhani yonseyi. Yerekezani ziganizo izi: "Wamusumira chifukwa chomulanda malo" ndi "Wamusumira ponena kuti anamulanda malo." Choyambacho chagamula kale. Chikuuza wowerenga kuti malowo analandidwadi, ndipo khoti langotsala ndi kusaina. Chachiwiricho chikusiya mawuwo m'kamwa mwa wosuma, momwe ayenera kukhala mpaka woweruza atamva mbali zonse. Samani ndi mawu a mbali imodzi. Khoti polandira dandaulo silinavomereze kuti n'loona, langolitsegulira khomo. Munthu wosalakwa konse atha kusumiridwa, ndipo ambiri amasumiridwa n'kuwina. Choncho "akuti", "ponena kuti" ndi "malinga ndi dandaulo lake" asakusoweni, ngakhale chiganizo chitatalika. Ndipo ngati wosumiridwayo wayankha, yankho lake lilembedwe ndi ulemu womwewo: "iye akukana, akuti malowo anagula."

Siyanitsaninso chifukwa chosumira ndi chomwe wosuma akupempha. Ngozi ya galimoto ndi chifukwa, chipepeso ndi pempho. Chiganizo chabwino chimanyamula zonse ziwiri: "Woyenda pansi wasumira dalaivala ponena kuti anamugunda poyendetsa mosasamala, ndipo akufuna chipepeso." Ndalama zomwe wosuma watchula ndi zomwe akufuna, si zomwe wapatsidwa.

Chachisanu: nthawi ya mneni

Apa n'pachidule. Kuopseza, kulemba kalata yochenjeza, ndi kusumira ndi zinthu zitatu. Kalata ya loya yonena kuti "lipirani pasanathe masiku akutiakuti" si samani, ndipo woilandira sanasumiridwe. Kusumira kumayamba mapepala akaperekedwa kukhoti. Zisanafike pamenepo lembani kuti "akufuna kusumira" kapena "waopseza kuti asumira".

Chenjerani ndi "asumira" pa mitu ya nkhani. "Aphunzitsi asumira boma" akawerengedwa ndi kamvekedwe kena akutanthauza kuti atero kale, ndi kamvekedwe kena kuti atero posachedwa. Onjezerani liwu lomasula: "asumira kale", "ati asumira", kapena tchulani tsiku.

Chachisanu ndi chimodzi: tsimikizani kuti amene mwamutchulayo angathedi kusumira kapena kusumiridwa

M'malamulo okhazikitsa mabungwe ambiri mumapezeka mawu onena kuti bungwelo lili ndi mphamvu yosumira ndi kusumiridwa m'dzina lake. Aneni awiriwa amayendera limodzi dala. Lamulo likupereka ufulu ndi udindo nthawi imodzi: ngati bungwe lingathe kutengera munthu kukhoti, nalonso lingathe kutengeredwa komweko. Bungwe lotere, pamaso pa lamulo, ndi munthu payekha, wosiyana ndi eni ake ndi antchito ake.

Mfundo imeneyi inakhazikika pa mlandu wa Salomon v A Salomon & Co Ltd, womwe House of Lords, khoti lalikulu la ku Britain pa nthawiyo, inagamula kumapeto kwa 1896. Aron Salomon anali wopanga nsapato ku London, ndipo anasandutsa bizinesi yake kukhala kampani yomwe pafupifupi masheya onse anali ake. Kampaniyo itagwa, panali kufuna kuti iye mwini asenze ngongole zake. Khotilo linati ayi, kampani yolembetsedwa mwalamulo ndi munthu wina, ndipo ngongole zake ndi zake. Kwa wolemba, phunziro lake ndi ili: "kampani yasumiridwa" ndi "mwini kampani wasumiridwa" si chiganizo chimodzi. Onani dzina lomwe lili pa samani. Ngati ndi la kampani, mneni ayambe ndi ya-.

Pali ena omwe sangaime okha kukhoti. Mwana wamng'ono amasuma kudzera mwa munthu wamkulu womuimirira, koma dandaulo ndi la mwanayo. Munthu akamwalira, mlandu wokhudza chuma chake umayendetsedwa ndi woyang'anira chuma cha masiye. Gulu lomwe silinalembetsedwe nthawi zambiri silingasumire m'dzina la gululo, amasuma ndi mamembala ake kapena owaimirira. Ngakhale boma silinali losumirika mosavuta kale. Ku United States lamulo la Federal Tort Claims Act la 1946, ndi ku Britain la Crown Proceedings Act la 1947, ndiwo anatsegula njira yoti munthu wamba asumire boma pa zolakwa za antchito ake monga momwe angasumirire munthu mnzake.

Chachisanu ndi chiwiri: werengani dzina la mlandu mosamala

Mlandu umadziwika ndi mayina a mbali ziwiri, pakati pake pali lembo la v, lotanthauza "kulimbana ndi". Kukhoti loyamba, dzina la kumanzere ndi la wosuma, la kumanja ndi la wosumiridwa. Kumanzereko mukaona R (woimira mfumu kapena mfumukazi), State, People kapena Republic, kawirikawiri ndi mlandu wa upandu, ndipo mneni wake ndi kuzenga.

Koma mlandu ukapita ku apilo, makhoti ena amaika patsogolo dzina la wochita apiloyo. Mlandu wa New York Times Co. v. Sullivan ungakupangitseni kuganiza kuti nyuzipepalayo ndiyo inasuma. Si choncho. L. B. Sullivan, mkulu woyang'anira apolisi mumzinda wa Montgomery ku Alabama, ndiye anasumira nyuzipepalayo ponena kuti chilengezo chomwe inasindikiza mu 1960 chinamuipitsira mbiri, ndipo khoti la ku Alabama linamupatsa madola 500,000. Nyuzipepalayo inachita apilo, ndipo mu 1964 khoti lalikulu la United States linathetsa chigamulocho. Kuchita apilo si kusumira. Wosumiridwa akachita apilo sasanduka wosuma, ndi wosumiridwabe amene akupempha khoti lapamwamba kuunikanso chigamulo.

Mayina a mbali ziwirizi m'Chingerezi amasiyana malinga ndi dziko komanso nthawi. Ku England ndi Wales wosuma ankatchedwa plaintiff, koma kuyambira mu 1999 amatchedwa claimant. Ku United States akadali plaintiff, ku Scotland ndi pursuer. Onsewa ndi wosuma. Ku England ndi ku United States wosumiridwa ndi defendant, liwu lomwe limagwiritsidwanso ntchito pa milandu ya upandu, ndiye polimasulira bwererani ku funso loyamba lija musanalembe kuti "woganiziridwa".

Chachisanu ndi chitatu: tchulani mathero a mlandu ndi dzina lake lenileni

Milandu yosumirana siithera pa kuwina ndi kuluza kokha. Wosuma atha kuuchotsa yekha. Mbali ziwiri zitha kugwirizana kunja kwa khoti, ndipo yambiri imathera pamenepa, nthawi zina wolipirayo osavomera kuti analakwa. Khoti litha kuutaya chifukwa wabwera mochedwa kapena wapita ku khoti losayenera, osafika n'komwe pa funso lakuti wolakwa ndani. Lithanso kugamula mfundo imodzi yokha n'kusiya zina.

Chitsanzo chake ndi mlandu wotchuka wa Donoghue v Stevenson. Mu Ogasiti 1928, ku Paisley m'dziko la Scotland, May Donoghue anamwa chakumwa cha jinja chomwe mnzake anamugulira, ndipo ananena kuti m'botolomo munali nkhono yowola yomwe inamudwalitsa. Popeza sanagule yekha, analibe mgwirizano ndi wogulitsa, ndiye anasumira wopanga chakumwacho, David Stevenson. Mu Meyi 1932 House of Lords inagamula, oweruza atatu motsutsana ndi awiri, kuti wopanga katundu ali ndi udindo wosamala munthu amene adzagwiritse ntchito katunduyo. Chigamulochi chinasintha malamulo m'maiko ambiri. Komatu chomwe chinanena n'chakuti mayiyo ali ndi maziko osumira ngati zonena zake zili zoona. Funso lakuti nkhonoyo inalimodi silinaweruzidwe, chifukwa Stevenson anamwalira chaka chomwecho ndipo nkhaniyo inathera pa kugwirizana. "Khoti lamulola kupitiriza mlandu" ndi "khoti lamupatsa chipepeso" ndi ziganizo zotalikirana kwambiri.

Pomwe khoti lagamuladi, mawu abwino ndi oti "mlandu wakomera wosuma" kapena "khoti lalamula wosumiridwa kulipira". Mawu oti "wapezeka wolakwa" amanunkha upandu, ndipo owerenga amayamba kuganiza za ndende. Ngati mwawagwiritsa ntchito, onjezerani msanga zomwe walamulidwa kuchita.

Chachisanu ndi chinayi: ngati wosumiridwayo ndi inu

Zonse tanenazi zimagwira ntchito pepalalo likafika m'manja mwanu. Khalani pansi, werengani kawiri. Yambani ndi pamwamba: khoti lake ndi liti, nambala ya mlandu ndi iti, kumanzere kuli dzina la ndani, kumanja kuli la ndani. Onani ngati lalembedwa ndi dzina lanu kapena la kampani yanu, ndiponso ngati mwasumiridwa nokha kapena pamodzi ndi ena. Onetsetsaninso kuti mwaitanidwa ngati wosumiridwa, pakuti mboni nayo imalandira pepala loitana, ndipo anthu ena amasowa tulo ndi pepala lomwe likungowapempha kukanena zomwe anaona.

Kenako patulani zinthu ziwiri zija: wosuma akuti munachita chiyani, ndipo akufuna chiyani. Lembani pa pepala lina mfundo iliyonse, pambali pake muike ngati mukuvomera, mukukana, kapena simukudziwa. Sonkhanitsani malisiti, mgwirizano, mauthenga a pafoni ndi mayina a omwe angaikire umboni. Musafufute kapena kung'amba chilichonse, ngakhale chomwe chikuoneka kuti chikukutsutsani.

Chofunika kwambiri ndi tsiku. Samani imapereka nthawi yoyankhira, ndipo nthawiyo ndi yaifupi. M'makhoti a boma lalikulu ku United States ndi masiku 21 chilandirireni samani. Ku England ndi Wales ndi masiku 14 chilandirireni tsatanetsatane wa dandaulo, oti muyankhe kapena muvomereze kuti mwalandira. Dziko lililonse lili ndi masiku ake, ndipo amalembedwa pa pepalalo. Lembani tsiku lomwe mwalilandira, chifukwa kuwerenga kumayambira pamenepo. Mukakhala chete, wosuma ali ndi ufulu wopempha khoti kuti ligamule mokomera iye popanda kumva mbali yanu, ndipo chigamulo chotere chili ndi mphamvu ngati china chilichonse: katundu atha kulandidwa, malipiro atha kudulidwa. Kukana kulandira samani kapena kuibisa m'kabati sikuimitsa mlandu. Ndikunena izi motsindika chifukwa anthu okhala ndi yankho labwino amaluza motere, poganiza kuti popeza sanalakwe palibe choyankha.

Funsaninso kuti nkhaniyo inachitika liti. Ufulu wosumira uli ndi nthawi yake yothera. Ku England, lamulo la Limitation Act la 1980 limapereka zaka 6 pa mgwirizano wophwanyidwa, zaka 3 pa kuvulala kwa thupi, ndi chaka chimodzi pa kuipitsa mbiri. Maiko ena ali ndi zaka zawo. Koma m'malamulo a mtundu umenewu khoti silikutchulirani lokha kuti nthawi inadutsa, muyenera kuzilemba inuyo mu yankho lanu. Ngati inunso muli ndi dandaulo pa wosumayo lochokera pa nkhani yomweyo, nthawi yoliika ndi yomweyi, pamodzi ndi yankholo.

Pitani kwa loya, kapena ku ofesi yothandiza anthu pa zamalamulo ngati ndalama palibe, masikuwo asanathe. Tengani samaniyo, pepala lanu la mfundo lija ndi umboni wonse. Pofotokoza yambani ndi chiganizo chimodzi chokhala ndi zonse: amene wakusumirani, khoti lake, zomwe akunena, zomwe akufuna, ndi tsiku lomwe munalandira pepalalo.